Opulumutsa anzawo, amawasamala ndani?

Kolera itabuka ku Tukombo, m'boma la Nkhata Bay, mu 2022, anamwino ndi alangizi a zaumoyo ndiwo ankachezera usiku ndi odwala, kuwaika madiripi, kupukuta masanzi ndi kuthira klorini m'madzi akumwa. Mliriwu unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Usanathe n'komwe, mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasakaza chigawo chakummwera, asilikali n'kumafukula mitembo m'matope ku Chilobwe, mumzinda wa Blantyre.

Tinawayamikira pa Facebook, basi n'kuiwala. Koma munthu amene wanyamula mtembo wa mwana sangofika kunyumba n'kugona tulo. Ena zithunzizo zimawabwerera usiku, ena amathawira ku mowa.

Achinyamata, ntchito ilipo apa. Opulumutsa amafuna aphungu owamvetsera, komanso akatswiri oonetsetsa kuti alandira katemera, avala zodzitetezera ndipo akupumula. Sukulu ya St John of God ku Mzuzu imaphunzitsa uphungu ndi zaumoyo wa m'maganizo.

Ngati mukusankha kozi mutakhoza MSCE, iganizireni. Namwino wa ku Tukombo akadwala, mudzi wonse ulibe kothawira.