KUGULA NDALAMA ZAKALE PA INTANETI: MASO PATSOGOLO, CHIKWAMA PAMBUYO

Boma la Mchinji, limene kale linkatchedwa Fort Manning, lili pa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kunka ku Chipata, mzinda umene akuluakulu amaukumbukira ndi dzina la Fort Jameson. Pokhala dziko la m'malire, anthu a kuno agwirapo ndalama zamitundumitundu kuposa anzawo a m'maboma ambiri, ndipo mpaka lero m'zitini ndi m'masutikesi a agogo mukupezeka makobiri oboola pakati, matiki, masikisi ndi masheleni amene anasiya kale kugulira mchere. Masiku ano ndalama zoterezi zasanduka malonda. Zikutsatsidwa pa Facebook, pa WhatsApp ndi pa misika ya pa intaneti monga eBay, ndipo mphunzitsi kapena kalaliki wa m'Boma amene ali ndi foni angathe kugula sheleni ya 1964 kwa munthu wa ku London kapena ku Johannesburg amene sanamuonepo nkhope.

Nkhani imeneyi siyamasewera. Wogulitsa wakunja amafuna madola, mapaundi kapena marandi, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, kulakwitsa kumodzi kungathe kumeza gawo lalikulu la malipiro a mwezi. Tsono nkofunika kuti awerengi athu adziwe kuyesa ndalama imene yafika m'phukusi, ngati ilidi monga anainenera mwini wake.

YAMBANI MWADZIWA CHIMENE MWAGWIRA

Munthu sangaweruze chinthu chimene sakuchidziwa. Ndalama zakale zopezeka m'chigawo chino zili m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la Southern Rhodesia, limene linayamba kusulidwa mu 1932 ndipo linkayenda ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia komwe. Zoyambirira za tiki kufikira hafukoloni zinali za siliva. M'nthawi ya nkhondo yachiwiri siliva anachepetsedwa kufika pa theka, ndipo kuyambira 1947 anachotsedwa, m'malo mwake nalowa mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Ku Britain nakonso siliva anachoka m'ndalama za pamsika m'chaka chomwecho.

Gulu lachiwiri ndi la Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhalapo kuyambira 1953 kufikira 1963, ndipo ndalama zake zinayamba kutuluka ndi chaka cha 1955. Kobiri lake ndi loboola ndipo lili ndi njovu ziwiri. Sheleni ili ndi mphalapala. Ya masheleni awiri ili ndi nkhwazi itagwira nsomba. Ndipo zoyera zonse zili ndi mutu wa Mfumukazi Elizabeth II. Zimene zinkayenda pamsika sizinali za siliva, ngakhale ziwale bwanji.

Gulu lachitatu ndi lathu. Mu 1964 Malawi anatulutsa sikisi ya tambala, sheleni ya chimanga, ya masheleni awiri yokhala ndi njovu ndi mwana wake, ndiponso hafukoloni ya chizindikiro cha dziko, zonse zili ndi mutu wa Dr. Hastings Kamuzu Banda. Mu 1966 kunatuluka ya masheleni asanu yokumbukira tsiku limene dziko lino linakhala Republic, pa 6 July. Zambia inalowa m'kwacha ndi ngwee mu 1968, ndipo Malawi analowa m'kwacha ndi tambala mu 1971, pamene kwacha imodzi inalowa m'malo mwa masheleni 10. Wogulitsa akanena kuti sheleni ya Malawi ya 1964 ndi ya siliva weniweni, dziwani kuti kapena sadziwa malonda ake, kapena akufuna kukudyerani masuku pamutu.

MUYESO WA AKATSWIRI

Ambiri amaganiza kuti chimene chimakweza mtengo ndi ukalamba wa ndalama. Si choncho ayi. Zinthu zitatu ndizo zimalamula: kusowa kwake, kuchuluka kwa oifuna, ndi mmene yasungikira. Ndalama ziwiri za chaka chimodzi zingathe kusiyana mtengo kutali, chifukwa ina inayenda m'matumba zaka 20 pamene inzake inagona m'bokosi osakhudzidwa.

Amalonda a ku Britain ali ndi mawu awo oyesera. Akati Fine, ndiye kuti ndalamayo yaperepeseka ndithu, koma chithunzi ndi malemba zikuoneka. Akati Very Fine, ndiye kuti malo otukuka okha ndiwo afufutika. Akati Extremely Fine, ndiye kuti kutha kwake nkochepa, koti munthu achite kuyang'anitsitsa. Akati Uncirculated, ndiye kuti sinayendepo pamsika konse. A ku America amagwiritsa ntchito manambala kuyambira 1 kufikira 70, potsata muyeso umene William Sheldon anaukhazikitsa mu 1949, ndipo manambala 60 mpaka 70 ndi a ndalama zosayenda. Palinso mawu akuti Proof, amene sanena za kasungidwe koma za kasulidwe: ndi ndalama zosulidwa mwapadera kuti zikhale zosunga, zowala ngati kalilole. Ndalama wamba yopukutidwa siisanduka Proof, monga momwe nkhuku yosambitsidwa siisandukira nkhanga.

Kuli makampani amene ntchito yawo ndi kuyesa ndalama ndi kuzitsekera m'kabokosi ka pulasitiki kokhala ndi nambala. Odziwika kwambiri ndi PCGS, yoyambika mu 1986, ndi NGC, yoyambika mu 1987. Nambala ya pa kabokosiko ingathe kufufuzidwa pa tsamba la kampaniyo, ndipo wogula wanzeru amatero asanalipire, pakuti timabokosi tachinyengo tiliponso.

PHUKUSI LIKAFIKA

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wa ku Kamwendo wagula ya masheleni awiri ya Chitaganya imene inatsatsidwa kuti ndi Uncirculated, ndipo phukusi lafika. Achite chiyani?

Choyamba, atsegule modekha, akujambula ndi foni, kuti pakabuka mlandu akhale ndi umboni. Ayale nsalu yofewa patebulo, ndipo ndalamayo aigwire m'mphepete mokha, chifukwa thukuta la zala limasiya chidindo chosachoka.

Chachiwiri, aione pa nyali imodzi yowala, akuipendeketsa uku ndi uku. Ndalama yosayenda imakhala ndi kuwala kwa kosulira, kumene kumazungulira ngati masipoko a njinga pamene ikupendeketsedwa. Kuwalako kukaduka pa malo otukuka, nipaoneka mbuu, ndiye kuti inayendapo.

Chachitatu, atenge galasi lokulitsira zinthu, lokuza kasanu kapena kakhumi, nayang'ane malo amene amayamba kutha. Pa mutu wa Mfumukazi, ndi tsitsi la pamwamba pa khutu ndi masamba a nkhata ya kumutu. Pa nkhwazi, ndi nthenga. Pa sheleni ya Malawi, ndi maso a chimanga: ngati sakuwerengeka limodzilimodzi, ndalamayo yatha. Pa njovu, ndi khutu ndi makwinya a chikopa.

Chachinayi, aone mphepete. Kuphwanyika kwa mkombero, zokanda zakuya, dzenje lotsekedwa, kapena chipsera cha pamene panawotcheredwa kachitsulo kokolekera mkanda, zonsezi zimagwetsa mtengo ngakhale chithunzi chikhale chabwino.

Chachisanu, aiyese pa sikelo yaing'ono yowerenga magalamu. Pa muyeso wa ku Britain, umene ndalama zoyera za Chitaganya zinkatsata, sheleni imalemera pafupifupi magalamu 5.7, ya masheleni awiri 11.3, ndipo hafukoloni 14.1. Ndalama yotha imapepuka pang'ono chabe. Ikasiyana kwambiri, pali chokayikitsa. Aiyandikizenso maginito: siliva sagwidwa, ndipo mkuwa wosakaniza ndi nikelo wa m'ndalamazi sugwidwanso. Koma akumbukire kuti matambala ena a m'zaka za pambuyo pake ndi achitsulo chokutidwa, ndipo amagwidwa popanda chinyengo chilichonse. Ndalama yachinyengo yothiridwa m'chikombole imadziwika ndi timabowo tating'ono, malemba osathwa, ndi mzere wolumikizira m'mphepete.

MUSAITSUKE

Pano tiyenera kunena mosabisa, chifukwa ndipo pamene ambiri amataya chuma ndi manja awo. Mwambo wathu ndi wakuti chinthu chakuda chikwechedwe ndi phulusa, mchenga kapena mandimu. Poto amayamika zimenezi, koma ndalama yakale imaonongeka osabwereranso. Kukwecha kumachotsa khungu la kosulira nikusiya timizere tambirimbiri topita mbali imodzi, timene katswiri amationa nthawi yomweyo. Kuda kwachibadwa kwa siliva, ndi kufiirira kwa kobiri la mkuwa, si dothi ayi. Ogula odziwa amakukonda. Chotero ndalama yonyezimira kwambiri koma chithunzi chake chili chofufutika ndiyo yoyenera kuiopa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chithunzi cha pa intaneti nachonso chimanama. Kuwala kwa kamera kumabisa zokanda, ndipo ena amaika chithunzi cha ndalama ina osati imene adzatumize. Musanalipire, pemphani zithunzi za mbali zonse ziwiri ndi za mphepete, ndipo mufunse ngati katundu angabwezedwe. Lipirani kudzera m'njira imene msikawo umateteza wogula; ndalama yotumizidwa pa foni kwa munthu wosadziwika kawirikawiri siibwerera. Muwerengerenso mtengo wa positi ndi msonkho umene ungafunike polowetsa katundu m'dziko.

MTENGO WOTCHULA SI MTENGO WOGULA

Abale athu obwera kuchokera ku South Africa amadza ndi R5 ya 2008 yokumbukira zaka 90 za Nelson Mandela, atamva kuti ndi chuma chachikulu. Zoona zake nzakuti ndalama imeneyi inasulidwa mamiliyoni ambiri ndipo inayenda pamsika. Imene yadutsa m'matumba ilibe mtengo wodabwitsa. Aliyense angathe kulemba nambala imene afuna pansi pa chithunzi. Chofunika kuona ndi mtengo umene ndalama yofanana nayo, ya muyeso womwewo, inagulidwa nawo ndithu.

Phunziro lomweli lithandizanso wogulitsa. Munthu akabwera pamudzi kufuna kugula chitini chonse cha agogo ndi mtengo umodzi, musafulumire. Patulani zolembedwa Southern Rhodesia za zaka za 1947 isanafike, chifukwa zoyera za tiki kufikira hafukoloni zili ndi siliva, amene ali ndi mtengo wake ngakhale ndalamayo itatha. Lembani chaka ndi mtundu wa iliyonse, ndipo mufunse kwa oposa mmodzi. Safunsa anadya phula.

Zotsalazo, zimene msika suzifuna, zisatayidwe. Zikulungidwe iliyonse payokha m'kapepala kouma, kutali ndi chinyezi ndi mapulasitiki ofewa amene amasiya ndere zobiriwira pa mkuwa. Kwa aphunzitsi makamaka, kobiri loboola la Chitaganya, sheleni ya 1964, ngwee ya 1968 ndi tambala ya 1971, zitayalidwa patebulo m'kalasi la ku Mkanda kapena ku Kapiri, zingathe kufotokozera ana mbiri ya dziko lino ndi ya anansi athu a kutsidya kwa Mwami momveka, pakuti mwana saiwala chimene wachigwira ndi dzanja lake.