BWINJA LISANDUKE BWALO

 Madzulo ano tikambirane za nyumba zakale zimene zatsala popanda wozisamala m'midzi ndi m'misika mwathu, ndi m'mene zingasandukire mabwalo a zisudzo ndiponso malo amene anthu aluso angakhalemo pogwira ntchito yawo.

Aliyense woyenda mumsewu wa kunyanja wochokera ku Salima kupita ku Nkhata Bay amaziona nyumba zimenezi. Zina ndi masitolo amene amalonda achimwenye anasiya m'zaka za m'ma 1970, pamene boma linalamula kuti malonda awo azichitira m'mizinda ikuluikulu mokha. Zina ndi magodauni a mpunga ndi thonje, zigafa za fodya, kapena nyumba za aphunzitsi zimene zinatsala sukulu itasamuka. Chimene chimapha nyumba yotere kawirikawiri ndi kusowa munthu wokhalamo. Mphepo ya mwera ikasasula lata limodzi popanda wolikhomanso, mvula imalowa, mapaso amaola, chiswe chimakwera, mileme imakhazikika. Pambuyo pake wina amazula chitseko, wina malata, wina njerwa, ndipo pakutha pa zaka zowerengeka pamalopo pamatsala bwinja. Motero njira yodalirika yosungira nyumba yakale ndi kuipatsa ntchito.

Kuno kwathu tili nazo kale zitsanzo. Nyumba ya Mandala ku Blantyre inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes. Malonda a kampaniyo atachokamo, zipinda zapansi zinasanduka malo oonetserako zithunzi zojambula pamanja, ndipo pamwamba panaikidwa mabuku a bungwe la Society of Malawi. Ku Livingstonia, nyumba ya miyala imene Dr Robert Laws ankakhalamo, yomangidwa mu 1903, inasanduka mosungiramo zinthu zakale ndi mogona alendo. Ku Mangochi, nyumba imene inali kalabu ya Azungu m'nthawi ya atsamunda inasanduka mosungiramo mbiri ya nyanja yathu. Koma chitsanzo choyandikira kwambiri nkhani yathu chili ku Mua, m'boma la Dedza. Mishoni ya kumeneko inakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni pa bwalo la mishoni yakaleyo. Anayamba ndi osema ziboliboli ochepa, koma m'kupita kwa nthawi malowo anaphunzitsa amisiri ambiri, nakhala ndi nyumba yosungiramo zigoba za Gule Wamkulu ndiponso bwalo la magule. Mua ndi kumudzi, komabe alendo amachoka kutali kukaona.

Kunja nakonso zotere zinachitika. M'mudzi wa Snape ku Mangalande munali chinyumba chachikulu chokonzeramo chimera cha mowa. Ntchitoyo itatha, katswiri wopeka nyimbo, Benjamin Britten, pamodzi ndi anzake anachisandutsa holo yoimbiramo mu 1967. Holoyo inapsa ndi moto mu 1969, koma anaimanganso ndi kuitsegula mu 1970, ndipo malowo anadzakhalanso sukulu ya oimba achinyamata. Tiphunzirepo kuti nyumba yomangidwira katundu, popeza imakhala yotakasuka ndi yaitali denga, imalandiranso bwino khamu la anthu ndi mawu awo.

Nanga Nkhotakota ali ndi chiyani choti n'kuika m'nyumba yotere? Ali ndi magule monga chiwoda, malipenga ndi Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005. Ali ndi oumba mbiya, oluka mphasa ndi osema mabwato. Koposa zonse ali ndi mbiri yolemera. Pano ndi pamene panali likulu la Jumbe, pamene akapolo ankawolotsedwa nyanja kupita kum'mawa. Pano David Livingstone anakumana ndi Jumbe pansi pa mtengo mu 1863. Amishoni a UMCA anafika mu 1894, ndipo Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895, anaikidwa pompano. Nkhani zimenezi zili ndi misozi yake, ndipo adzukulu a onse amene anakhudzidwa akukhala pamodzi mpaka lero, Asilamu ndi Akhristu. Wolemba sewero amene angakhale pakati pawo miyezi itatu, akumva okha eni nkhani, adzalemba mwaulemu ndi moona kuposa wongodutsa tsiku limodzi pa galimoto. Ndi chifukwa chake malo ogona aluso ali ofunika pafupi ndi bwalo. Ndipo oonerera sasowa, pakuti gulu la zisudzo loyendayenda la ku Chancellor College linaonetsa kuyambira m'zaka za m'ma 1970 kuti anthu a m'maboma amadzaza maholo a sukulu kukaona sewero.

Tsono ntchito yeniyeni iyambire pati? Choyamba ndi kudziwa mwini wake. Nyumba iliyonse, ngakhale yogumuka, ili ndi mwini: banja, mpingo, kampani kapena khonsolo. Pitani kwa amfumu, pezani mwiniyo, ndipo pangano lilembedwe pa pepala lonena zaka zimene mudzaigwiritse ntchito. Popanda kutero, tsiku limene mudzamalize kukonza ndi lomwe mlandu udzayambe. Ngati nyumbayo ili ndi mbiri, funsani kaye nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, pakuti pali lamulo loteteza malo otere. Manda ndi nyumba zopemphereramo zisiyidwe monga zilili.

Chachiwiri ndi kuiyesa nyumbayo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mmisiri wodziwa ntchito agogode mtanda uliwonse, aone maziko ndi ming'alu, pokumbukira kuti dera la kunyanja limagwedezeka ndi zivomezi, monga chija cha ku Salima cha mu 1989. Afunsenso akuluakulu a pamudzi pamene madzi anafika m'zaka zimene nyanja inadzaza kwambiri, monga 1980 ndi 2024. Pokonza, denga likhale loyamba, kenaka ngalande zochotsa madzi m'mbali mwa khoma. Njerwa zakale zambiri ndi zofewa ndipo anazimanga ndi dothi kapena laimu. Mukazimata ndi simenti yolimba, chinyontho chimatsekeredwa m'kati ndipo njerwa zimafumbutuka. Laimu amalola khoma kuuma, choncho ndiye woyenera.

Chachitatu ndi kusankhira nyumba iliyonse ntchito yoiyenera. Godauni ndi yabwino pa zisudzo chifukwa cha kutakasuka kwake. Chigafa ndi chopapatiza, motero chimayenera wosema kapena woumba. Sitolo yakale, imene imakhala ndi zipinda kumbuyo, ingathe kugoneka alendo awiri kapena atatu, ndipo khonde lake ndi nsanja yokonzeka kale: ochita sewero pakhonde, oonerera pansi pa mitengo. Pajatu zisudzo zathu zinabadwira pa bwalo, pamene anthu amazungulira ndi kuyankha nawo nyimbo, choncho mipando isakhomeredwe pansi. M'kati mwa holo ya malata, mvula ikagwa mawu samveka, ndipo mu Okutobala mumatentha ngati ng'anjo. Mankhwala ake ali pafupi: siling'i ya bango kapena nsungwi, mphasa zopachika m'makoma kuti mawu asabwerere, ndi mipata ya mpweya pamwamba. Zitseko zikhale ziwiri kapena kuposapo, zotsegukira kunja, kaamba ka ngozi ya moto.

Chotsiriza, ndiponso chovuta koposa, ndi kuisunga ntchitoyo. Kukonza nyumba kumatha, koma mlonda, magetsi ndi utoto zimafuna ndalama chaka ndi chaka. Nyengo ya chilimwe ikhale ya zisudzo ndi magule, pamene misewu ili youma ndipo anthu akolola. Nyengo ya dzinja, pamene eni mudzi ali m'minda ya mpunga, ikhale ya olemba ndi ojambula amene amafuna bata. Mlendo wokhoza kulipira alipire, ndipo aliyense wogonamo asiyepo kanthu, kaya kuphunzitsa ana a sukulu kapena kuonetsa ntchito yake kwa anthu asanachoke. M'masiku opanda sewero holoyo ichititse maukwati ndi misonkhano. Malo amene eni dera amangowaonera kunja kwa mpanda sakhalitsa, koma amene mwana wawo anavinamo amawateteza okha.

Mutu umodzi susenza denga. Mawa mukamapita kumsika kapena kudoko, taimani pang'ono pa nyumba yosiyidwa imene mumaidutsa masiku onse. Werengani malata amene atsala, funsani za mwini wake, ndipo nkhaniyi mukaitule kwa amfumu ndi kwa achinyamata a zisudzo a m'dera lanu mvula isanagwe.