Makilomita 100, maola 48: ndawala yosasiya mnzako kumbuyo

Mwezi wa Novembala ukafika, anthu masauzande amasonkhana ku Pak Tam Chung, kum'mawa kwa Hong Kong, zikwama zili kumsana, ndodo m'manja, matochi a pachipumi ali m'matumba kudikira mdima. Kutsogolo kwawo kuli mtunda wa makilomita 100, pafupifupi ngati kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Salima, koma wodutsa m'mapiri, m'magombe ndi m'nkhalango. Apatsidwa maola 48 kuti aumalize wapansi.

Iyi ndi Oxfam Trailwalker, imodzi mwa ndawala zachifundo zotchuka padziko lonse. Lamulo lake lalikulu silivuta kulimva, limavuta kulisunga. Anthu amalowa anayianayi, amanyamuka limodzi, amakaonekera limodzi pamalo alionse olembera oyenda, ndipo nthawi ya gulu imawerengedwa womaliza akafika. Wamiyendo yopepuka sapindula kanthu akasiya anzake m'mbuyo. Lamulo limeneli ndilo limaumba kukonzekera konse, kuyambira pa kulimbitsa thupi, kusonkhetsa ndalama, mpaka ntchito ya anthu odzipereka amene amachezera usiku m'mbali mwa njira.

Idayamba ndi asilikali

Ndawalayi idayamba m'chaka cha 1981, Hong Kong ili m'manja mwa Britain. Poyamba idali maphunziro a asilikali a gulu la Queen's Gurkha Signals, amuna ochokera kumapiri a ku Nepal amene makolo awo akhala akutumikira m'gulu lankhondo la Britain kwa zaka zoposa 200. Akuluakulu awo ankafuna kuona ngati asilikali angathe kupirira ulendo wautali ali pagulu, osataya mnzawo. Njira idalipo kale: MacLehose Trail, imene idatsegulidwa mu 1979 ndi kupatsidwa dzina la bwanamkubwa wa nthawiyo, Murray MacLehose. Idagawidwa m'zigawo 10, ndipo pa mamita 500 alionse pali chikwangwani cha nambala chouza munthu pamene wafika.

Mu 1986 anthu wamba adaloledwa kulowa nawo, ndipo bungwe lachifundo la Oxfam Hong Kong lidayamba kuthandiza kuyendetsa mwambowu. Hong Kong itabwezedwa ku China mu 1997, asilikali aja adasamukira ku Britain ndipo adapita nawo mwambo wawo kumapiri a South Downs, kumwera kwa England. Kumeneko oyenda amanyamukira pafupi ndi tauni ya Petersfield n'kukathera ku Brighton, ndipo amapatsidwa maola 30 okha. Kwa zaka zambiri ndalama za kumeneko zinkagawidwa pakati pa Oxfam ndi Gurkha Welfare Trust, bungwe lothandiza asilikali opuma ndi mabanja awo ku Nepal. Ndawalayi idafalikiranso ku Australia, New Zealand, Japan, Belgium, France, Spain, India ndi South Korea.

Akatswiri othamanga m'mapiri amaumaliza mtunda wa ku Hong Kong m'maola pafupifupi 11. Koma ambiri mwa olowa ndi anthu a m'maofesi, aphunzitsi, anamwino ndi ochita malonda, amene amayenda usana, usiku wonse, ndi mbali ina ya tsiku lotsatira. Kwa iwo, zimene zidzachitike panjira zimakhala zitagamulidwa miyezi ingapo m'mbuyo.

Phazi ndilo limayamba kugonja

Munthu woyamba kumene amaganiza kuti chimene chidzamulepheretse ndi phuma kapena kutha mphamvu. Amene adayendapo amaloza pansi. Pa makilomita 100 munthu amaponda pansi maulendo oposa 120,000, ndipo kakukhula kakang'ono ka sokosi pachidendene, kamene sukamva pa kilomita ya 10, kamasanduka thuza lalikulu pofika ya 40. Matuza amayamba pamene khungu lanyowa ndi thukuta, latentha, ndipo likukhuzana ndi nsapato. N'chifukwa chake oyenda amapewa masokosi a thonje, amene amasunga chinyezi, amasintha masokosi pamalo opumira, amamata pulasitala pamalo amene ayamba kutentha thuza lisanatuluke, ndipo amawenga zikhadabo masiku angapo ulendo usanafike. Nsapato imagulidwa yokulirapo pang'ono chifukwa phazi limatupa likayenda nthawi yaitali, ndipo imayenera kuyenderedwa milungu yambiri. Kuvala nsapato yatsopano tsiku la ndawala ndi kudziputira mavuto.

Magulu ambiri amayamba kukonzekera kutatsala miyezi itatu kapena inayi. Amayamba ndi maulendo a maola awiri kapena atatu, n'kumaonjezera pang'onopang'ono mlungu ndi mlungu. Kuonjezera mtunda mothamanga kumatupitsa mitsempha ya m'miyendo ndi kupweteketsa mawondo, ndipo munthu amakhala pansi milungu imene akadakhala akuyenda. Cha pakati pa nthawiyi amayenda ulendo wautali Loweruka n'kubwerezanso Lamulungu, kuti thupi lizolowere kuyenda litatopa kale. Kukatsala milungu iwiri amachepetsa kwambiri kuti minofu ipume.

Kuyenda pamalo athyathyathya sikukwanira. Zitunda zonse za njira ya ku Hong Kong zikaphatikizidwa zimapitirira mamita 4,000, kuposa kutalika kwa nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje, imene ili pa mamita 3,002. Zina mwa zovuta kwambiri zimabwera munthu atayenda kale makilomita oposa 60: masitepe otsetsereka a Needle Hill, kenako Tai Mo Shan, phiri lalitali kuposa onse mu Hong Kong, la mamita 957. Ndipo kutsika kumapweteka kuposa kukwera, chifukwa minofu ya kutsogolo kwa ntchafu ndiyo imagwira thupi lonse kuti lisagwe, mawondo n'kumalandira kulemera konse. Apa ndi pamene ndodo ziwiri zoyendera zimaonetsa ntchito yake.

Palinso usiku. Gulu lanzeru limayeserako ulendo wa usiku kamodzi kapena kawiri, kuti aliyense adziwe mmene tochi yake imagwirira ntchito, mabatire amatha nthawi yanji, ndiponso mmene thupi lake limachitira tulo tikabwera. Nthawi ya pakati pa usiku ndi m'bandakucha ndi imene ambiri amagwa ulesi. Thupi limazizira, mimba imakana chakudya, ena amayamba kuona zideruderu, ndipo anthu amene adanyamuka akuseka amayamba kuyankhana mokalipa.

Kudya ndi kumwa nakonso kumaphunziridwa. Munthu amadya pang'onopang'ono ola lililonse asanamve njala: nthochi, mtedza, buledi, mpunga, mbatata. Madzi ndi ofunika, koma kumwa madzi ambirimbiri opanda mchere pamene thukuta likutuluka kwa maola ochuluka kumasungunula mchere wa m'magazi, ndipo munthu amatha kusanza, kusokonezeka mutu, ngakhale kukomoka. Choncho amasakaniza ndi zakumwa za mchere ndi shuga kapena kudya zamchere. Chakudya chimene sudachiyese pokonzekera sichiyenera kulowa m'kamwa tsiku la ndawala. Ku Kam Shan, kumene njira imadutsa pakati pa anyani ozolowera anthu, oyenda amabisa chakudya m'zikwama, chifukwa anyaniwo akangoona jumbo amalanda.

Koma phindu lalikulu la maulendo oyesererawa ndi kudziwana. Anthu anayi amafunika kugwirizana asananyamuke: tikufuna kumaliza m'maola angati, tidzapuma mphindi zingati pamalo alionse, tidzagona kapena ayi, nanga mmodzi akavulala tidzatani? Magulu ambiri amaika wochedwa kutsogolo kuti liwiro likhale lake. Wina akalephereratu, amamusiya m'manja mwa oyang'anira pamalo olembera, osati patchire, ndipo gulu likachepa kwambiri limauzidwa kuphatikana ndi lina kuti pasakhale woyenda yekha mumdima.

Ndalama zimafuna nkhope

Kuyenda pakokha sikugula mankhwala kapena kukumba mjigo. Gulu lililonse limalonjeza kusonkhetsa ndalama zosachepera mlingo umene okonza aika, kuonjezera pa ndalama yolembetsera, ndipo kwa ambiri ntchito imeneyi ndi yochititsa manyazi kuposa kukwera phiri. Kupempha sikophweka.

Odziwa amayamba msanga, ndipo amayamba ndi thumba lawo, chifukwa tsamba la zopereka lopanda kanthu silikopa munthu. Kenako amapita kwa achibale ndi anzawo apamtima, mmodzimmodzi, pomutchula dzina. Uthenga umodzi wotumizidwa kwa anthu 200 aliyense amauona ngati wa mnzake. Amanena ndalama imene akufuna, tsiku lomaliza, ndi ntchito imene ndalamayo ikagwire. Akatero amaonetsa thukuta lawo: chithunzi cha phazi lomatidwa pulasitala kapena cha gulu lili paphiri mvula ikugwa chimakumbutsa amene adalonjeza n'kuiwala. Ena amagulitsa makeke kuntchito, amakonza chakudya chamadzulo cholipiritsa, kapena amapempha kampani yawo kuti iike ndalama yofanana ndi imene iwo asonkhetsa.

Ku Britain zambiri zimadutsa pa intaneti, pamasamba ngati JustGiving, ndipo boma limaonjezera kudzera m'ndondomeko ya Gift Aid: pa paundi iliyonse yoperekedwa ndi munthu wolipira msonkho, bungwe lachifundo limatenganso mapeni 25 kuchokera ku msonkho. Mphamvu ya nkhani yomveka bwino idaoneka mu Epulo 2020, mliri wa Covid-19 uli pakati, pamene Captain Tom Moore, msilikali wakale wa zaka 99, adati azungulira bwalo la pakhomo pake maulendo 100 kuti apeze mapaundi 1,000 othandizira ogwira ntchito zachipatala. Anthu adapereka pafupifupi mapaundi 33 miliyoni. Adaona munthu, adaona ntchito imene akuchita, ndipo adamva kumene ndalama zikupita.

Chikhulupiriro chomwecho chimatha kusweka msanga. Mu Febuluwale 2018 nyuzipepala ya The Times idaulula za makhalidwe oipa a ena mwa ogwira ntchito a Oxfam ku Haiti chivomerezi cha 2010 chitachitika, ndipo m'masiku ochepa anthu pafupifupi 7,000 adaleka zopereka zawo za mwezi ndi mwezi. Woyenda ndawala amapempha m'dzina la bungwe, koma amene akupereka amayang'ana nkhope ya wopemphayo. Ndi udindo wake kudziwa bwino kumene akutumiza ndalama za anzake.

Osayenda, koma osagona

Kuseri kwa anthu anayi alionse kuli ena amene dzina lawo silituluka pa satifiketi. Gulu limakhala ndi othandiza ake, kawirikawiri akazi awo, amuna awo, abale kapena anzawo a kuntchito, amene amayenda pagalimoto kukadikira pamalo ololedwa. Amafika msanga, amayala mipando, amatenthetsa supu ndi tiyi, amatulutsa masokosi ouma ndi majuzi, amadzaza mabotolo, ndipo amayang'ana wotchi. Mpando ndi mdani wa munthu wotopa: akakhalitsa, miyendo imauma ndipo mtima wonyamukanso umachoka. Wothandiza wabwino amadziwa nthawi yolimbikitsa munthu kuti adzuke, amadziwanso kuzindikira amene akulankhula zosamveka kapena akunjenjemera mosaleka, amene ayenera kuonedwa ndi achipatala m'malo mokakamizidwa.

Kupatula amenewa, pali odzipereka a mwambo wonse. Ena amalemba magulu akamafika kuti pasasowe munthu osadziwika. Ena amaima pamphambano usiku wonse kulozera njira, ena amamanga mabala ndi kusisita minofu yokokana, ena amayenda kumbuyo kwa gulu lomaliza kutola zizindikiro ndi zinyalala. Ku South Downs asilikali a Gurkha ndiwo akhala akuyang'anira malo opumira, ndipo ofika ku Brighton amalandiridwa ndi chakudya chotentha chophikidwa ndi asilikaliwo. Ntchito yaulere imeneyi ndi ndalamanso: chilichonse chimene okonza sadalipire chimatsala kuti chikafike kwa amene ndawala ikuwayendera. Ambiri amene thupi siliwalola kuyenda amalowera khomo limeneli, ndipo ena amayamba ndi kugawa madzi chaka chino, chaka chamawa n'kulembetsa.

Za ndawala zathu

Kuno kwathu ndawala si yachilendo. Mipingo imayenda pofuna kumanga tchalitchi, sukulu zimayenda pofuna madesiki, ndipo Mother's Fun Run ya kampani ya Nation Publications yakhala ikusonkhetsa zipangizo zothandizira uchembere wabwino m'zipatala za m'maboma. Zambiri mwa ndawala zathu ndi zazifupi, zodutsa mumsewu wa galimoto, choncho nkhawa zake ndi zina: kudziwitsa apolisi nthawi ilipo, kunyamuka dzuwa lisanakwere makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, kukhala ndi galimoto yotsatira yonyamula madzi ndi otopa, ndi kuika anthu ovala zoonekera patali kutsogolo ndi kumbuyo kwa mzere.

Pamene timapunthwa kawirikawiri ndi pambuyo pa ulendo. Mafomu a malonjezo amabwerera theka, ndalama zina zidalowa pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu mmodzi, zina m'mbale, ndipo pakatha mwezi palibe amene angatchule chiwerengero chenicheni. Okonza ndawala zikuluzikulu amaika tsiku lomaliza loperekera ndalama, amalengeza zimene zapezeka, ndipo amafotokoza ntchito imene zagwira. Komiti ya pampingo kapena pasukulu ingathe kuchita chimodzimodzi popanda kuwononga kanthu: nambala imodzi yolandirira ndalama yodziwika kwa onse, anthu awiri osainira, lisiti kwa wopereka aliyense, ndi lipoti lowerengedwa pamaso pa anthu. Amene adapereka K2,000 yake akaona madesiki ali m'kalasi, chaka chamawa sadzafunika kumunyengerera.