Zilonda zakukhosi zimene zimathera mu mtima

Omvera athu ambiri amaona zilonda zakukhosi ngati matenda aang'ono. Mwana akalira pomeza, timam'patsa phala lamadzimadzi n'kudikira kuti zipole zokha. Nthawi zambiri zimapoladi. Koma zina zimabwera ndi kachilombo kotchedwa Streptococcus ka gulu A, ndipo zimenezi zingawononge mtima wa mwana moyo wake wonse.

Chodabwitsa n'chakuti kachilomboka sikapita ku mtima. Amene amavulaza mtima ndi asilikali a m'thupi mwathu momwe. Pakhungu pa kachilomboka pali puloteni yotchedwa M, imene mapangidwe ake amafanana ndi myosin, puloteni imene imachititsa kuti minofu ya mtima izikokana ndi kupopa magazi. Madeleine Cunningham wa ku yunivesite ya Oklahoma, ku America, anaonetsa kuti chitetezo chimene thupi limapanga polimbana ndi kachilomboka chimagwiranso myosin. Zili ngati galu wolondera amene waluma mwini nyumba chifukwa wavala malaya ofanana ndi a wakuba. Minofu ya mtima imatupa, ndipo tizitseko timene timaletsa magazi kubwerera m'mbuyo timatsala ndi zipsera.

Vutoli lilipo kuno kwathu. Mu 2007 madokotala, kuphatikizapo Ana Olga Mocumbi, anafalitsa zimene anapeza atayeza ana asukulu 2,170 ku Maputo. Poyamba ndi kumvetsera pachifuwa anapeza odwala 5 okha. Atawaunika onse ndi makina oonera mtima, odwala anakwana 66. Ndiye taganizani za kumidzi kuno, kumene makinawo ali kutali.

Ana a zaka 5 mpaka 15 ndi amene amagwidwa kwambiri. Mwana akatentha thupi, akamamva kuwawa pomeza, mafinya akaoneka kukhosi koma sakutsokomola, pitani naye kuchipatala. Jakisoni mmodzi wa penisilini, kapena mapilisi a masiku 10, amatseka njira ya matendawa. Mapilisiwo amalize onse, ngakhale aoneke kuti wachira.

Pakatha milungu iwiri kapena itatu, ngati mawondo ndi zigongono zayamba kutupa mosinthanasinthana, kapena akupuma mobanika, musachedwe ndi zotemera mphini. Wopezeka ndi matendawa amabayidwa penisilini pa milungu itatu kapena inayi iliyonse kwa zaka zambiri. Mtsikana amene anadwalapo, akadzatenga pathupi, auze anamwino tsiku loyamba la sikelo, chifukwa mimba imawonjezera ntchito ya mtima.