Mwana wa Pamsika Pakati pa Amisiri

Mwa ana amene ndinaŵaphunzitsa kuno ku Mchinji, mtsikana wina anasankhidwa kupita ku MUBAS mu mzinda wa Blantyre, sukulu imene inayamba mu 1965 ndipo inkatchedwa Polytechnic kufikira mu 2021. Maphunziro ake, a Management Information Systems, amaphatikiza kayendetsedwe ka bizinesi ndi luso la makompyuta.

Iyeyu anapitako ndi mtima wa malonda, pakuti anakulira pambali pa sikelo ya mtedza ya amayi ake ku Kamwendo. Chaka choyamba chinamuŵaŵa zedi. Anzake ozoloŵera makompyuta ankalemba mapulogalamu mosavuta, iye akuchezera usiku wonse ndi mizere khumi yokana kuyenda. Anafuna kusiya.

Zinthu zinatembenuka pamene gulu lawo linapatsidwa ntchito yokonza pulogalamu ya wogula mbewu. Akatsŵiri aja sanadziŵe kuti mtedza ukauma umapepuka, kapenanso kuti wogula wa m'malire amaŵerengera Kwacha ziŵiri, ya Malaŵi ndi ya Zambia. Amene anaŵatsegula maso ndi mwana wa pamsika uja.

"Aphunzitsi," anatero pondiuza patchuthi, "masiku ano sayamba ntchito ine ndisanafike." Mapulogalamu akumuvutabe ndithu, koma zosiya sakuzitchulanso.