Machubu a Ana Obadwa Masiku Asanakwane Akhale Opanda DEHP

Mwana akabadwa masiku asanakwane pa Kwekwe General Hospital ku Zimbabwe, kaya amayi ake achokera ku Mbizo, ku Amaveni kapena ku Torwood komwe kuli zidzukulu za Amalawi amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi ndi ku fakitale ya zitsulo ya Zisco, moyo wake umadalira machubu: kam'mphuno kodyetsera mkaka, ka diripi, ka mpweya. Machubu ambiri otere padziko lonse ndi a PVC, pulasitiki yemweyo wa mapaipi a madzi. Kuti afewe amasakanizamo mankhwala otchedwa DEHP, mwina mpaka 40 peresenti ya kulemera kwake. Mankhwalawa sagwirana kwenikweni ndi pulasitikiyo. Amatuluka pang'onopang'ono, makamaka akakhudzana ndi zamafuta monga magazi, mkaka kapena chakudya chodzera mumtsempha. Anamwino amadziwa kuti kachubu ka PVC kakakhalitsa m'mimba kamatuluka katauma gwa. Zimene zinkakafewetsa zija zimakhala zatsalira mwa khandalo.

Pofufuza pa makoswe, asayansi anapeza kuti DEHP amasokoneza mahomoni achimuna n'kuwononga ziwalo zoberekera zomwe zikukula. N'chifukwa chake mu 2002 bungwe la FDA ku America linalangiza zipatala kuti posamalira makanda aamuna zizisankha zipangizo zina ngati zilipo. Mu 2014 akatswiri a ku Johns Hopkins anawerengera kuti khanda lodwalitsa likhoza kulandira mamiligalamu 16 a DEHP pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse, mlingo woposa wosavulaza kambirimbiri. Ena anena kuti khoswe si munthu, ndipo n'zoona kuti umboni wa anthu ngovuta kuupeza, poti vuto la kubereka limadzaoneka patapita zaka 20 kapena 30. Komatu chiwindi ndi impso za kamwana kosakwana makilogalamu awiri sizinakhwime moti n'kuchotsa msanga mankhwalawa. Mayiko a ku Ulaya analetsa DEHP m'zidole zoika m'kamwa kalekale mu 1999. Sizingakhale bwino kuti chimene chinakanidwa m'chidole chizilowa mumtsempha.

Mawu otsutsa olemera kwambiri ndi akuti zipatala za boma ku Zimbabwe zimasowa ngakhale magolovesi, ndiye za machubu odula n'zachabe. Apa tinene mosapita m'mbali: kachubu ka PVC kamapulumutsa moyo, ndipo kholo lisayerekeze kukakana. Koma chipinda cha makanda n'chaching'ono, ndipo kachubu ka polyurethane kapena silicone kamakhala milungu ingapo pamene ka PVC kamasinthidwa pakangopita masiku ochepa, choncho mtengo wake sunasiyane monga momwe umaonekera papepala. Palinso njira yosalira ndalama. Kafukufuku wa WHO wa mu 2021, amene chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinatengamo mbali, anapeza kuti kuika khanda lochepa thupi pachifuwa cha amayi ake likangobadwa kunachepetsa imfa ndi 25 peresenti. Mwana wofundidwa chotero amayamba kuyamwa msanga, kachubu n'kuchoka msanganso. Chotsala chili m'manja mwa NatPharm, amene amagulira zipatala za boma katundu: akamaitanitsa zipangizo za m'chipinda cha makanda, azilemba kuti zikhale zopanda DEHP, kuyambira machubu odyetsera ndi a diripi.