Kukonza chipatala pakompyuta khoma lisanagwetsedwe

Munthu akadwala mwakayakaya m'midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Kasungu, chakufupi ndi Lifupa, amatumizidwa kuchipatala chachikulu cha boma la Kasungu, lomwe kalembera wa 2018 adapeza kuti lili ndi anthu oposa 800,000. Chipatala chotere sichingatsekedwe pofuna kusintha denga kapena kukuza wodi ya amayi oyembekezera. Amisiri amayenera kugwira ntchito odwala ali momwemo.

Njira yotchedwa Building Information Modelling, mwachidule BIM, imathandiza pa ntchito yovuta ngati imeneyi. M'malo mojambula mapulani papepala, akatswiri amamanga nyumba yonse pakompyuta, kuyambira maziko mpaka denga. Khoma lililonse, paipi ya madzi, waya wa magetsi ndi paipi ya okosijeni zimaoneka pamalo ake, limodzi ndi muyeso wake ndi zipangizo zake.

Pa nyumba yakale, ntchito imayamba ndi kuyeza, popeza mapulani oyamba amatha kusowa kapena kusiyana ndi zomwe zidawonjezeredwa pambuyo pake. Makina a laser amayeza chipinda chilichonse, ndipo miyeso yake ndiyo imasanduka chithunzi cha nyumbayo pakompyuta. Ojambula mapulani, mainjiniya a madzi ndi a magetsi komanso owerengera zipangizo amagwira ntchito pa chithunzi chimodzi chomwecho. Paipi yatsopano ikati idutse pomwe pali mzati, kompyuta imachenjeza simenti isanagulidwe.

Madokotala ndi anamwino nawo amatha kuona ngati bedi la wodwala lingakhote pakhonde lopita kufiyeta. Akuluakulu a chipatala amakonzeratu wodi yoyamba kukonzedwa, kosamutsira odwala ake ndi njira yotchingira fumbi, lomwe ndi loopsa kwa makanda ndi odwala chifuwa.

Boma la Britain lidalamula kuti kuyambira mu 2016 ntchito zake zomanga zizitsatira BIM, ndipo mu 2018 padatuluka muyeso wa padziko lonse lapansi wa ISO 19650 wotsogolera njirayi.

Kuno kwathu chopinga chachikulu ndi ndalama ndi luso. Mapulogalamu monga Revit ndi Archicad amalipiridwa ndi ndalama zakunja, zomwe zikusowa m'dziko muno, ndipo amafuna makompyuta amphamvu ndi magetsi odalirika. Sukulu ya ukachenjede ya MUBAS ku Blantyre, yomwe imaphunzitsa ojambula mapulani ndi mainjiniya, ndiyo ingakhale gwero la akatswiri odziwa njirayi.

Chofunikanso n'chakuti ntchito ikatha, chithunzicho chitsale m'manja mwa chipatala ndi Unduna wa Zaumoyo, ndipo chizisinthidwa nyumba ikasintha. Zikatero, paipi ikaphulika patapita zaka khumi, mmisiri adzadziwa pobowola popanda kugumula khoma lonse la wodi yodzaza odwala.